Dotolo Livingstone ndi Mano Ache

Anzanga amene ndigona nao nyumba imodzi sadzaiwala msanga usiku uja wa m'nyengo yozizira pamene ndidawasowetsa tulo ndi kubuula kwanga. Dzino lam'mbali, lam'munsi chakumanzere, lidayamba kundiwawa titangodya nsima ya madzulo, ndipo pofika pakati pa usiku tsaya lidatupa ngati ndabisamo chakudya. Wina adanditenthetsera madzi a mchere kuti ndichukuche m'kamwa, wina adati ndilume kachidutswa ka adyo, ndipo wina, amene sindimtchula dzina pakuti ndi mmodzi wa akonzi a magazini ino, adangondiuza kuti ndikalirire kunja. Patapita masiku atatu adandilola kupita ku chipatala china. Ndidafika dzuwa lisanatuluke, koma ndidapeza benchi litadzaza kale, ena mwa anthuwo ochokera kutsidya kwa malire, onse atagwira masaya. Bambo amene adandiona anali okha pa nchitoyo tsiku limenelo. Adandiuza mwaulemu kuti dzinolo likadatha kumatidwa, koma zomatira zidatha kale, tsono chotsala chinali kulizula basi. Adandibaya jakisoni, nalizula, ndipo ndidabwerera ku sukulu nditaluma thonje. Ndiri ndi zaka 17 zokha, ndipo dzino limenelo silidzameranso.

Aphunzitsi athu a mbiri yakale ataona tsaya langa adamwetulira, nandiuza kuti ndisadandaule kopambana, pakuti ngakhale David Livingstone, amene anali dotolo weni weni, adadzizula yekha mano atadutsa m'dziko lathu lomwe lino. Ine ndidayesa nthabwala, koma iwo adandibwereka mabuku awiri kuti ndikadziwerengere ndekha. Mbiri ya munthu ameneyu tonse tidaimva ku pulaimale, ndipo ena aitopa nayo. Komabe ndipempha kuti mundilole ndiifotokozenso poyang'ana mano, chifukwa ndapeza kuti pali chibale pakati pa sukulu imene iye adaphunzirako udotolo ndi sukulu ya madotolo a mano ya dziko lathu.

David Livingstone adabadwa pa 19 March, 1813, m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Atate wache, a Neil Livingstone, anali wogulitsa masamba a tiyi, munthu wosauka koma wokonda kupemphera ndi kuwerenga. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba ya anchito a fakitale ya thonje. Ali ndi zaka 10 David adalowa nchito m'fakitalemo, ndipo nchito yache inali kulumikiza ulusi ukaduka pa makina. Ankayamba 6 koloko mamawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapita ku sukulu ya usiku maora awiri. Ndi gawo la malipiro ache oyamba adagula buku la Chilatini. Masana ankatsamiritsa buku pa makina kuti aziwerenga mzere umodzi umodzi pamene akudutsa. Ife tikamadandaula za nyemba zofumbwa ndi belu la m'mamawa, tizikumbukirako mwana ameneyu. Ngakhale ndinene zoona kuti nyembazo ziri zofumbwadi.

M'chaka cha 1836, atasunga ndalama zokwanira, adapita ku Glasgow, mtunda wa mailosi ngati 8, kukaphunzira udotolo pa sukulu ya Anderson. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa tidzakomana nalonso. John Anderson anali mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Glasgow, ndipo pomwalira m'chaka cha 1796 adasiya chuma chache kuti chiyambitse sukulu yophunzitsa zinthu zothandiza anthu wamba, amisiri ndi anchito omwe. Malipiro a kumeneko anali otsika, ndipo ndicho chifukwa chache mnyamata wopota thonje adatha kulowako. M'nyengo yozizira ankaphunzira, ndipo m'miyezi yotsala ankabwerera ku fakitale kukafuna ndalama za chaka chotsatira. Pa sukulu yomweyo adapalana ubwenzi ndi James Young, amene pambuyo pache adalemera ndi malonda a palafini, namthandiza ndi ndalama pa maulendo ache.

Masiku amenewo ku Scotland kunalibe sukulu ya madotolo a mano. Munthu dzino likamuwawa ankapita kwa ali yense wolimba mtima amene anali ndi chopanira chachitsulo, kaya wometa tsitsi, kaya wosula zitsulo, kaya wogulitsa mankhwala, monga momwe agogo anga amasimbira za bambo wina wa m'mudzi mwathu amene ankazula mano ndi pulayala ya njinga. Mankhwala ogonetsa munthu pochita opaleshoni kunalibenso. Mankhwala otchedwa ether adayamba kudziwika m'chaka cha 1846 pamene William Morton adawaonetsa ku Boston, ku America, ndipo chosangalatsa nchakuti Morton ameneyu anali wa nchito ya mano. Koma pa nthawiyo Livingstone nkuti atachoka kale kwao.

Adalandira chikalata cha udotolo ku Glasgow mu November 1840, ndipo mwezi womwewo adadzozedwa ubusa pansi pa London Missionary Society. Mtima wache unali ku China, koma nkhondo imene Angerezi ankamenyana ndi dzikolo idatseka njira. Atakomana ndi Robert Moffat, mmishoni wa ku Kuruman, adatembenukira ku Africa, nafika ku Cape Town mu March 1841.

Mano oyamba amene adalowa m'mbiri yache sanali ache ai, koma a mkango. M'chaka cha 1844, ku Mabotsa, mikango inkagwira zoweta za anthu, ndipo iye adapita nao kukaisaka. Adaombera mkango umodzi, koma pamene anali kuikanso onga mu mfuti, chirombocho chidamlumphira, chimgwira paphewa, ndi kumgwedeza monga galu achitira ndi khoswe. Adapulumuka chifukwa mphunzitsi wachikuda dzina lache Mebalwe adayesa kuombera, ndipo mkango udasiya Mzungu nulumphira iyeyo. Fupa la mkono wamanzere lidaphwanyika, ndipo pamkonopo padatsala zipsera 11 za mano. Fupalo silidalumikizane bwino moyo wache wonse. Akuchira ku Kuruman adafunsira Mary, mwana wa Moffat, ndipo adakwatirana mu January 1845.

Za zaka zotsatira ndingodutsamo mofulumira pakuti ziri m'mabuku athu a m'kalasi. Adakhala pakati pa anthu a mfumu Sechele ku Kolobeng, adafika ku nyanja ya Ngami mu 1849, ndi ku mtsinje wa Zambezi mu 1851. Atatumiza mkazi ndi ana ku Ulaya, adayenda ndi Amakololo kufika ku Luanda, kunyanja ya mchere ya kumadzulo, mu 1854, nabwereranso, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, nawatcha Victoria, ndipo adatulukira ku Quelimane mu May 1856. Pa ulendo umenewu adalemba za mwambo wa Atonga a kumtunda kwa Zambezi, amene iye adawatcha Batoka. Iwo ankagulula mano apatsogolo akumwamba a anyamata ndi atsikana akatha msinkhu, ndipo ankanena kuti afuna kufanana ndi ng'ombe, pakuti wokhala ndi mano onse afanana ndi mbidzi. Livingstone adaona mwambowo ngati woipitsa nkhope. Ine ndikawerenga pamenepa ndimakumbukira kuti makolo athu ena ankasema mano kuti asongoke, ndipo ankati ndiko kukongola. Sadadziwe Dotoloyo kuti tsiku lina m'kamwa mwache mudzaipa koposa mwa Atongawo.

Buku lache la maulendo, lotuluka mu 1857, lidamtchukitsa ndi kumlemeretsa. Mu 1858 Boma la Angerezi lidamtumanso ku Zambezi, koma mathithi a Cahora Bassa adatsekereza sitima yache, ndipo ndicho chidamkhotetsera ku Shire. Adaona nyanja ya Chilwa mu April 1859 ndi nyanja yathu yaikulu mu September chaka chomwecho. Mabuku akale amati adaitulukira nyanjayo, koma ine sindigwirizana nao mau amenewo, pakuti adapeza asodzi ali m'mabwato, ndiponso Aluya ndi Ayao a malonda ankaioloka kale. Chimene adachita ndi kuilemba pa mapu a Azungu, ndi kuuza dziko lonse za magoli a akapolo amene adaona m'njira. Mu July 1861 iye ndi Bishopu Mackenzie adamasula gulu la akapolo ku mapiri a Shire, ndipo mwa omasulidwa m'masiku amenewo munali kamnyamata ka Chiyao dzina lache Chuma.

Ulendo wa Zambezi udatha moipa. Bishopu Mackenzie adafa ndi malungo mu January 1862, ndipo Mary, amene adabwera kudzakhala ndi mwamuna wache atasiyidwa zaka zambiri, adamwalira ku Shupanga pa 27 April chaka chomwecho. Apa ndiyenera kunena maganizo anga. Livingstone anali wolimba mtima zedi, koma anali wouma mutu, wovuta kugwira naye nchito, ndipo banja lache lidasauka chifukwa cha iye. Azungu anzache ambiri adakangana naye. Kwathu kuno mwamuna wosiya mkazi ndi ana zaka zinai osawaona, ankhoswe akadamuitanitsa. Boma lidaletsa ulendowo mu 1863, ndipo iye adaoloka nyanja ya mchere ndi kasitima kache, Lady Nyassa, kufika ku Bombay, nabwerera kwao.

Tsopano tafika pa gawo limene likhudza ife a ku Mchinji. Mu 1866 adayamba ulendo wache wotsiriza, wofuna gwero la mtsinje wa Nile. Adalowera ku mtsinje wa Rovuma, nadutsa kwa Mataka, nazungulira kumwera kwa nyanja cha kwa Mponda mu September. Chakumeneko amtengatenga ache a ku chisumbu cha Johanna, motsogozedwa ndi Musa, adamthawa, ndipo atafika ku Zanzibar adanama kuti Dotolo waphedwa. Adatsala ndi anthu owerengeka okha, mwa iwo Chuma ndi Susi. Adakwera mapiri nalowa m'dziko la Achewa, nadutsa m'mbali mwa mapiri a Dzalanyama, ndipo mu November 1866 anali kuyenda chakumtunda kwa mtsinje wa Bua, womwewu umene timaoloka popita ku Lilongwe. Nthawi imeneyo kunalibe Fort Manning, kunalibe Fort Jameson, kunalibenso malire a Malawi ndi Zambia. Munali midzi yozingidwa ndi mipanda ya nkhadze, ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi osula makasu, ndipo zonsezi adazilemba m'buku lache la tsiku ndi tsiku.

Adafika pa nthawi yoipa. Mvula inali itayamba, anthu anali pa kalikiliki wa kumunda, ndipo dziko lonse linali ndi mantha a nkhondo za Angoni, amene iye ankawatcha Mazitu. Midzi ina adaipeza yopanda anthu, nkhokwe zitapsya, eni ache atathawira kumapiri. Amtengatenga ankasowa chifukwa panalibe wofuna kusiya mkazi ndi ana kapena kupita kutali ndi kwao, kotero kuti ankayenda pang'ono pang'ono, mudzi ndi mudzi. M'kalasi mwathu muli adzukulu a amene ankathawa ndi adzukulu a amene ankathamangitsa, ndipo ena a ife tiri mbali zonse ziwiri, kuchimuna kwina kuchikazi kwina. Tsono nkhani imeneyi timaikamba moseka, koma pa nthawiyo sinali yoseketsa.

Mu December adatsikira ku chigwa cha Luangwa naoloka mtsinjewo. Anali ndi mbuzi zinai zimene zinkampatsa mkaka, ndipo mkakawo ndiwo unkafewetsa chakudya chache. Pa tsiku la Khrisimasi mbuzizo zidasowa. Kuyambira pamenepo adadalira chimanga cholimba, phala la mawere lopanda ndiwo ndi bowa wa m'thengo, ndipo usiku ankalota zakudya za kwao. Mu January 1867 kagalu kache, Chitane, kadamira pooloka dambo, ndipo patangopita masiku ochepa amtengatenga awiri adathawa ndi bokosi la mankhwala, momwe munali kwinini yense. Dotolo adasanduka wodwala wopanda mankhwala ngati munthu wina ali yense wa m'mudzi.

Munthu akadwala malungo kawiri kawiri, nakhala miyezi yambiri osadya zakudya zokwanira, usinini umafooka ndipo mano amayamba kugwedera. Ndizo zidamchitikira Livingstone. Pokukuta chimanga cholimba ndi mano ogwedera kale, ena adathyoka ndipo ena adapotoka. Pofika 1869, ali m'dziko la Manyema, kumene lero ndi Congo, m'kamwa mwache munali mutaonongekeratu. Mano opweteka ankawazula yekha motere: ankamanga ulusi wolimba ku dzinolo ndi mfundo yosamasuka, nsonga inayo naimanga ku chitsa, kenaka ankamenya ulusiwo mwamphamvu ndi mfuti yache yaifupi, dzino nkuthothoka. Panalibe jakisoni, panalibe womgwira mutu. Ine amene ndidatuluka thukuta ngakhale tsaya linali litachita dzanzi, nditawerenga pamenepa ndidatseka buku kaye.

Chodabwitsa nchakuti ankadziseka yekha. M'makalata opita kwa mwana wache Agnes adafanizira kumwetulira kwache ndi kwa mvuu yamphongo, namchenjeza kuti asadzayembekeze kumpsompsona pafupi akadzabwerera. Anali ndi zaka 56 zokha, koma ankaoneka nkhalamba. Ndiganiza kuti kusowa mano kudafulumizitsa imfa yache, pakuti munthu wotaya magazi ndi kamwazi, monga iye ankachitira, afunika kudya bwino, ndipo wopanda mano sangadye nyama youma kapena chimanga chimene chipezeka pa ulendo. Ameneyo ndi maganizo anga chabe, a munthu amene adakhala masiku anai akumwa phala lokha.

Pa 15 July, 1871, ku Nyangwe, adaona ndi maso ache anthu a malonda a ukapolo akuombera khamu la anthu pa msika, ambiri a iwo amai, ndipo ena ochuluka adamira mu mtsinje wa Lualaba pothawa. Adalemba zimenezi pa nyuzipepala yakale ndi inki yopanga yekha kuchokera ku zipatso, chifukwa mapepala ndi inki zidamthera. Atabwerera ku Ujiji ali mafupa okha okha, Henry Morton Stanley adampeza chakumapeto kwa chaka chomwecho. Stanley naye adalemba kuti chakudya cholimba cha m'njira chidaononga mano a Dotolo. Adamchonderera kuti abwerere naye ku Ulaya, kumene akadapeza chithandizo, koma iye adakana. Makalata amene Stanley adanyamula, osimba za Nyangwe, adautsa mitima ya anthu ku England, ndipo mu June 1873 Sultan wa ku Zanzibar adavomera kutseka msika wa akapolo.

Livingstone sadamve mbiri imeneyo. Adamwalira pa 1 May, 1873, m'mudzi wa Chitambo, kumwera kwa nyanja ya Bangweulu ku Zambia, ndipo adampeza atagwada m'mbali mwa kama. Anthu ache adachotsa mtima ndi za m'mimba nazikwirira pansi pa mtengo umene kumeneko amautcha mpundu. Nditafufuza ndidapeza kuti mpundu ndiwo muula wathu womwewu, umene timatola maula ache popita kudambo, ndiponso umene agogo anga akazi amathyolako kamtengo kotsukira mano m'mawa uli wonse; iwo apitirira zaka 70 ndipo akukukutabe chimanga chokazinga, pamene ine wa mswachi wa m'sitolo ndataya kale dzino. Mtembo adauthira mchere nauumitsa padzuwa masabata awiri, naukulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo. Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzao adaunyamula miyezi isanu ndi inai, mtunda woposa mailosi 1,000, kufika ku Bagamoyo mu February 1874, ndipo ena a iwo adafera m'njira. Ku London nkhope sinkazindikirika, tsono madotolo adayang'ana mkono wamanzere, napeza fupa lija lophwanyidwa ndi mkango zaka 30 zapitazo. Mano a mkango ndiwo adachitira umboni kuti mtembowo ndi wache. Adamuika ku Westminster Abbey pa 18 April, 1874.

Imfa yache idabala mamishoni a Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo mzinda wathu waukulu wa malonda udatenga dzina la kamudzi kache kaja. Izi tonse tidziwa. Chimene ine sindinkadziwa ndi chimene chidachitika ku sukulu ya Anderson. Mu 1878 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lakuti madotolo a mano azilembedwa m'kaundula, kuti wodwala azitha kusiyanitsa wophunzira ndi wongogwira chopanira. Pamenepo padafunika malo ophunzitsira, ndipo mu 1879, patapita zaka 6 chimwalirire Livingstone, sukulu ya madotolo a mano ya ku Glasgow idatsegulidwa m'sukulu ya Anderson yomweyo, pamodzi ndi kachipatala kothandiza amphawi a mumzindamo. Sukulu ndi chipatala zidayendera limodzi chiyambire, chifukwa udotolo wa mano ndi nchito ya manja, ndipo munthu sangaiphunzire m'buku mokha. Wophunzira afuna odwala, ndipo wodwala wosauka afuna womthandiza mosalipira zambiri.

Chipatalacho chidayamba m'tizipinda tochepa, ndipo chidasamuka kangapo pamene odwala ankachuluka. Mu 1903 chidapita ku Dalhousie Street, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 chidalowa m'nyumba yomangidwira nchitoyo ku Renfrew Street. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sukuluyo idalumikizidwa ndi yunivesite ya Glasgow, ndipo kuyambira 1948 ophunzira adayamba kuwerengera digiri ya yunivesiteyo. Mu 1970 adaonjeza nyumba yaitali yoyang'ana ku Sauchiehall Street. Dzina la msewu umenewu ndalilemba katatu ndisanalikhoze, ndipo kulitchula ndalephera.

Nanga kuno kwathu? Amishoni a ku Scotland adabwera ndi zipatala ndi masukulu, adaphunzitsa othandiza madotolo, anamwino ndi azamba, koma sukulu ya madotolo a mano sidabwere nao. Dziko lidalandira ufulu mu 1964 iribe. Ngakhale pamene College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, maphunziro a mano munalibe, ndipo Mmalawi wofuna nchito imeneyi ankayenera kupita kunja. Mtolo wonse udagwera othandiza a za mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene amagwira nchito m'zipatala za m'maboma, monga bambo aja adandithandiza ine. Pa kalembera wa 2018 anthu m'dziko muno tidapezeka oposa 17 miliyoni, koma madotolo a mano sankafika ndi 50 omwe, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda. Mukagawa nokha pa pepala mudzaona kuti dotolo mmodzi ankayenera kusamala anthu oposa 300,000. Mwa ichi munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri dzino likamuwawa amapirira kufikira litaola, ndipo pofika ku chipatala palibenso china koma kuzula.

Zinthu zidayamba kusintha mu 2018, pamene College of Medicine idagwirizana ndi sukulu ya mano ya ku Glasgow ija pa nchito yotchedwa MalDent Project, ndi thandizo la ndalama la Boma la Scotland. Aphunzitsi a mbali zonse ziwiri adakhalira pamodzi kukonza maphunziro oyenera dziko lino, ndipo mu 2019 ophunzira oyamba a digiri ya udotolo wa mano adayamba sukulu ku Blantyre. Kuchokera 1879 kufika 2019 ndi zaka 140. Mu 2021 koleji ija idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing nizikhala Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira amayamba kuphunzira kuboola ndi kumata mano pa mitu ya zidole, ndipo manja akazolowera ndi pamene amaloledwa kugwira odwala eni eni, monga ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu 2022 Boma lidatulutsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa, imene igogomeza kupewa: kutsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndi kuchepetsa shuga. Pa mfundo yachiwiriyi ine ndiri wolakwa, pakuti ndalama zanga za m'thumba zinkathera pa masiwiti ndi zakumwa zotsekemera za pa kantini. Gulu loyamba lidatsiriza maphunziro mu 2025, madotolo a mano oyamba ophunzitsidwa m'dziko lao lomwe.

Ndi ochepa ndithu, ndipo padzapita zaka kuti boma liri lonse likhale ndi wache. Komabe ndidapita kwa aphunzitsi a sayansi kukafunsa maphunziro amene afunika kuti munthu alowe sukulu imeneyo. Adanditchulira Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, kenaka adatsegula buku la mamalikisi, nandionetsa chala pa Chemistry wanga wa teremu yatha osanena kanthu. Ndidatuluka mwakachetechete, ndipo tsopano ndimakhala kutsogolo m'kalasi lao, pamene kale ndinkakhala pafupi ndi zenera.

Mabuku awiri aja ndabweza. Dzino lina, lam'mbali chakumanja, layamba kunyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira a pa mjigo. Ndalembera kalata amalume anga amene agwira nchito ku Lilongwe, ndipo ayankha kuti pa tchuthi chikudzachi adzanditenga kuti akaliyang'ane lisanafike pozula.